Zotsatira za kuyezetsa chifuwa cha bambo anga

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za bambo anga, omwe ankatsokomola kwa milungu isanu ngakhale kuti makhololo awo sanaonetse kanthu pa maikulosikopu. Ndinatsatira malangizo a mayi amene anati tipemphe makina a GeneXpert, omwe amafufuza DNA ya kachilombo ka TB (chifuwa chachikulu). Pachipatala china kuno ku Lusaka anapezadi chifuwa chachikulu, ndipo mwamwayi kachilomboko kamamva mankhwala a rifampicin, omwe ndi amodzi mwa mankhwala a TB.

Bambo ayamba mankhwala a miyezi 6, ndipo adokotala anayezanso enzyme ya ALT m'magazi, yomwe imasonyeza mmene chiwindi chilili, popeza mankhwalawa nthawi zina amavulaza chiwindi. Mukapita kukayezetsa, perekani makhololo ochokera m'chifuwa, osati malovu. Ife anatibweza kamodzi pa chifukwa chimenechi.