Timange chidikiro kapena tigwire ambulansi? Zokambirana za gulu la chitukuko cha kwathu

Wapampando, ku Lilongwe:
Abale ndi alongo, landirani moni. Talandira kalata kuchokera kwa asisitere amene amayendetsa chipatala cha mishoni kwathu. Akutidziwitsa kuti parishi ya ku Germany imene yakhala ikuwatumizira ndalama chaka ndi chaka isiya kutero pakutha pa chaka chino, chifukwa wansembe amene ankalumikiza mbali ziwirizi anabwerera kwawo atakalamba, ndipo akhristu amene ankasonkha ndalamazo nawonso atha mphamvu. Ndalama zimenezi ndi zomwe zimagula mafuta a ambulansi, mankhwala ena, ndiponso ufa wa phala la ana onyentchera. Mukukumbukira kuti tinagwirizana kale zoti ndalama za m'thumba lathu zimangire chidikiro cha amayi oyembekezera pachipatala chomwechi. Tsono ndikupempha maganizo anu: tipitirize kumanga, kapena titseke kaye dzenje limene latsegukali?

Membala, ku Johannesburg:
Zikomo a Wapampando. Ine ndikuti timange monga tinapanganira. Anzathu kuno anasonkha atamva mawu akuti chidikiro, ndipo akadzapita kumudzi pa Khirisimasi adzafuna kuona khoma ndi malata. Ndalama yogulira mafuta ili ngati madzi othira pamchenga, mawa lake palibe choloza. Amayi athu akugona pakhonde la chipatala nyengo ya dzinja podikira tsiku lawo, ndipo zimenezi tonse tinaziona ndi maso. Komanso ndifunse mosabisa: Mpingo wa Katolika ndi waukulu dziko lonse lapansi, nanga ku Roma akulephereranji kugula dizilo wa galimoto imodzi?

Namwino wopuma ntchito, ku Zomba:
Achimwene a ku Joni, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ndiloleni ndifotokoze mmene chipatala cha mishoni chimapezera ndalama, pakuti ndinagwira ntchito m'zipatala zotere mpaka kupuma. Zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la CHAM, ndipo boma ndi limene limalipira malipiro a anamwino ndi madokotala ambiri ogwira ntchito mmenemo. Kuyambira 2006 pali mgwirizano wotchedwa SLA, umene ofesi ya zaumoyo ya paboma imachita ndi chipatala kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa mwaulere, boma n'kumabweza ndalamazo pambuyo pake. Vuto ndi lakuti ndalama zobwezazo zikhoza kuchedwa miyezi, pamene mayi wobereka sadikira. Zotsala zonse, monga magetsi, madzi, kukonza galimoto ndi mankhwala ambiri, zimachokera ku kangachepe kamene odwala amalipira ndi kwa anthu akufuna kwabwino akunja. Ndalama yathu itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mankhwala ndi mafuta inakwera, koma asisitere sakanatha kukweza mtengo wolipira kwa mlimi amene amadalira kugulitsa thumba limodzi la chimanga.

Mfundo yanga yaikulu ndi iyi. Cholinga cha chidikiro ndi chakuti mayi akhale pafupi ndi thandizo zinthu zikavuta. Chipatala cha kwathu sichichita opaleshoni, choncho mwana akakhala mopingasa kapena magazi akayamba kutayika, mayiyo amayenera kuthamangitsidwa kuchipatala chachikulu cha paboma usiku womwewo. Tikasonkhanitsa amayi m'nyumba yokongola pamene ambulansi ili pamiyala, tidzakhala titawaitanira pamalo pamene sitingathe kuwachotsapo.

Mphunzitsi, kumudzi:
Amayi anamwino anena zoona. Ine ndiyankhepo pa za ku Roma, popeza ndimathandiza nawo ntchito za pamphakati, kagulu ka akhristu a Katolika okhala dera limodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti kuli nkhokwe yaikulu ya ndalama imene amishonale amatapamo, koma mbiri yake si yotero. Mu 1822, mayi wina wa ku Lyon ku France, dzina lake Pauline Jaricot, anayambitsa dongosolo loti anthu wamba ogwira ntchito m'mafakitale azikhala m'magulu a anthu khumikhumi, aliyense n'kumapereka kakhobidi kamodzi pa sabata kothandizira ntchito za mishoni. Dongosolo limenelo ndi limene linakula mpaka kukhala chopereka cha Lamulungu la Mishoni, chimene chimasonkhedwa mwezi wa Okutobala m'matchalitchi onse a Katolika, kuphatikizapo athu omwe ano a kumudzi. Ndalamazo zimagawidwa ku madayosizi ochuluka a mu Africa, Asia ndi madera ena, ndipo gawo lofika ku dayosizi imodzi liyenera kuthandiza seminale, akatekisiti ndi maparishi onse. Silingafike pa dizilo wa mwezi ndi mwezi wa chipatala chilichonse.

Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndiponso a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902, sukulu ndi zipatala zimene anamanga zinkadalira abale awo ndi maparishi a kwawo, anthu osauka ndithu ena a iwo. Lero ansembe ndi asisitere athu ambiri ndi ana a m'midzi yathu yomweyi, ndipo alibe achibale ku Ulaya oti awalembere kalata. Malemu Episkopi Patrick Kalilombe anaziona zimenezi kalekale m'zaka za m'ma 1970, pamene ankalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe kuti mpingo uzidziyimira pawokha.

Membala, ku Mzuzu:
Aphunzitsi, mbiri mwaifotokoza bwino, koma gulu lathu si la mpingo. Ine ndine wa CCAP, ndipo tili ndi abale athu Asilamu amene amasonkha mokhulupirika. Sindikukana kuti chipatalachi chimalandira aliyense osafunsa chipembedzo, ana anga awiri anabadwira momwemo. Chimene ndikufuna kudziwa ndi umwini. Malo ndi a dayosizi, kotero chilichonse chimene timange pamenepo chidzakhala cha dayosizi. Tikayamba kupereka ndalama zoyendetsera, ndani adzationetsa mabuku? Azungu aja ankalandira malipoti ndi malisiti, ndipo ife tisachite manyazi kupempha zomwezo chifukwa choti tikulankhula ndi asisitere.

Msungichuma, ku Leeds:
A Wapampando, ndikugwirizana ndi malume a ku Mzuzu pa nkhani ya malipoti, ndipo ndikukhulupirira kuti asisitere sangakane, popeza anazolowera kale kulemba zimenezi. Ndikufuna kuwonjezera mfundo imene ingasinthe kawerengedwe kathu. Mabungwe a Katolika amene amathandiza chitukuko, monga Misereor ya ku Germany, CAFOD ya kuno ku England, Trócaire ya ku Ireland ndi SCIAF ya ku Scotland, amapereka ndalama pa ntchito yokhala ndi chiyambi ndi mathero, ndipo kawirikawiri amadzera ku dayosizi kapena ku CADECOM, nthambi ya chitukuko ya Mpingo wa Katolika ku Malawi. Opereka thandizo nawonso amakonda chinthu chooneka, monga mmene anenera achimwene a ku Joni. N'chifukwa chake n'kosavutirako kupeza wothandiza kumanga nyumba kusiyana ndi kupeza woti azilipira mafuta mpaka kalekale. Nthawi zambiri amafunsanso kuti eni dera aikapo chiyani.

Onani mmene Mary's Meals imayendera. Inayamba kwathu ku Malawi mu 2002 podyetsa ana a sukulu pafupifupi 200, ndipo mpaka lero akunja amagula ufa, koma ophika phala m'mamawa ndi amayi ndi abambo ongodzipereka a m'midzi yozungulira sukulu. Mbali imodzi ikafooka, phala silipsa. Ndikudziwa kuti chichokereni pamene boma la America linadula thandizo lake lalikulu mu 2025, opempha achuluka pakhomo la mabungwe amenewa, choncho sindikulonjeza kuti pempho lathu lidzalandiridwa. Komabe ndikupereka ganizo ili: theka la ndalama za m'thumba lisungidwe ngati gawo lathu pa chidikiro, tipemphe Bambo Mfumu ndi ofesi ya zaumoyo ya dayosizi atithandize kulemba pempho la ndalama zotsalazo, mafumu atsogolere anthu kututa mchenga ndi miyala, ndipo theka linalo ligwire ambulansi kwa chaka chimodzi pamene tikuyambitsa chopereka cha K5,000 pamwezi kwa membala aliyense.

Membala, ku Johannesburg:
Achemwali a ku Leeds, papepala ganizo lanu ndi labwino. Koma tonse tikukumbukira mmene chopereka cha pamwezi chokonzera mjigo chinathera: anthu anayamba ndi moto, kenako mlembi anatsala yekha akukumbutsa anthu amene sankayankha. Chikachitikanso chimenechi, chaka chamawa tidzakhala tilibe chidikiro, tilibenso mafuta. Ndingavomere pokhapokha theka la chidikirolo litsekeredwe ku akaunti yapadera imene sitingaikhudze, ndipo tiike tsiku. Pempho likapanda kuyankhidwa pofika tsikulo, tiyambe kumanga chipinda chimodzi ndi zimene tili nazo.

Namwino wopuma ntchito, ku Zomba:
Zimenezo ndikuzivomera. Ndingopempha kuti za phala la ana zisaiwalike, chifukwa palibe amene wazitchulanso. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi imene ana onyentchera amachuluka, ndipo ndi nthawi yomweyo imene thandizo la ku Germany lidzakhale litangotha kumene. Ife amene tili ndi minda kumudzi tikhoza kulonjeza soya ndi chimanga m'malo mwa ndalama, asisitere n'kumakagayitsa okha.

Wapampando, ku Lilongwe:
Zikomo nonse. A Mlembi alembere asisitere mawa kuwapempha ndondomeko ya ndalama zimene ambulansi ndi phala zinadya chaka chatha, komanso kuwafunsa ngati angalole kuti membala wathu mmodzi wa kumudzi azikhala nawo mu komiti ya chipatala. Aphunzitsi akaonane ndi Bambo Mfumu pa za pempho lija. Mayankho akabwera tidzavota pa maganizo awiri: kumanga tsopano ndi ndalama zonse, kapena kugawa pakati motsatira zimene anena achimwene a ku Joni. Abale athu Asilamu sanalankhulepo, ndipo ndikuwapempha atero tisanafike Loweruka.