Ng'oma zakale zopanda floor tom, nanga kunyamula mumatani?

Akuluakulu oimba ng'oma, ndithandizeni nzeru. Ndagula ng'oma zakale za Premier, zija zopangidwa ku England, kwa bambo ena omwe ankaimba kutchalitchi. Pali bass drum (ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi) ya mainchesi 20, snare (kang'oma kokhala ndi mawaya kunsi) ndi tom imodzi (ng'oma yaing'ono) yopachika pamwamba basi. Floor tom, ija yoima pansi ndi miyendo kudzanja lamanja, palibe, eni ake akuti anazipeza chonchi. Kulira kwake n'kokoma zedi, moti sindikufuna kuzigulitsa, koma pa nyimbo za kwaya ndi rege dzanja lamanja limangogwa m'malere.

Kodi ndikapeza tom ya mainchesi 14 n'kuiika miyendo, ingalire mozama? Kuboola thabwa lakale kuti ndimangepo miyendoyo ndikuopa. Kapena ndingoikhazika pa sitandi ya snare?

China ndi mayendedwe. Ndimakhala ku Area 25, koma maukwati ambiri timaimba ku Kawale ndi ku Area 47. Mu minibasi kondakitala amafuna ndilipirire bass drum mipando iwiri, ndipo tsiku lina chikopa chinabooka ndi chitsulo cha mpando. Pa kabaza ndiye ayi, fumbi lake lija. Kuchita hayala Sienta kumadya theka la malipiro anga.

Alipo amene anasoketsa zikwama za siponji kwa telala muno mu Lilongwe? Zimalimba?