Mpheta ziwiri za mimba yachikasu ku Michiru: kodi ndi mtundu umodzi?

Wa ku Chilomoni:
Akuluakulu, ndithandizeni. Loweruka m'mamawa ndinakwera phiri la Michiru ndipo ndinaona mpheta ziwiri, zonse za mimba yachikasu ndi mizere yoyera kumutu. Ina inkatola njere za udzu m'njira, pomwe inzake inkaimba panthambi ya mombo. Kodi ndi yaimuna ndi yaikazi, kapena ndi mitundu iwiri yosiyana?

Mphunzitsi wa ku Chirimba:
Bambo, n'kutheka kuti munaona mitundu iwiri yapachibale, imene akatswiri amaitcha Emberiza flaviventris ndi Emberiza cabanisi. Musadalire mimba, chifukwa chikasucho n'chimene chimasokoneza anthu ambiri, yang'anani tsaya. Flaviventris ili ndi mzere woyera pamwamba pa diso ndi winanso kunsi kwake, kotero kuti mutu wonse umaoneka wamizeremizere, koma cabanisi ili ndi wapamwamba wokhawo, ndipo tsaya la yaimuna ndi lakuda bii. Yaikazi imangokhala yotuwirako poiyerekeza ndi yaimuna, koma mizere yake imakhala pamalo omwewo.

Mayi wa ku Namiwawa:
Aphunzitsi anena zoona, koma mbalame ikakufulatirani tsayalo simuliona. Ine ndimadalira msana. Wa flaviventris ndi wofiirira ngati dothi la katondo, ndipo pachifuwa pake chikasu chimapsa ngati papaya. Ndinaiyang'anitsitsa tsiku lina ikumwa madzi otayikira pampopi kwathu, mapiko ali ndi timizere tiwiri toyera. Msana wa cabanisi ndi wotuwa, wokhala ndi timikwasa takuda, ndipo mbalameyi ndi yokulirapo pang'ono kuposa inzake, yomwe imatalika masentimita 15 kapena 16. Dzina la cabanisi analipereka katswiri wina, Anton Reichenow, mu 1875 polemekeza Jean Cabanis, katswiri wa mbalame wa ku Germany.

Mphunzitsi wa ku Chirimba:
Malonso amathandiza. Flaviventris sisankha kwambiri, imapezeka m'tchire louma ngakhale m'mphepete mwa minda, pamene cabanisi kuno kwathu imakonda nkhalango za miombo. N'chifukwa chake zimandipweteka mtima kuona matumba a makala akutsika ku Michiru, poti miomboyo ikatha, imene idzayambe kusowa ndi cabanisi.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. Ya m'njira ija ndikukumbukira bwino kuti inali ndi msana wofiirira, choncho inali flaviventris. Yapanthambi ija ndinaionera chapansi dzuwa likundithobwa m'maso, motero ndibwererako Loweruka likubwerali kuti ndikaione tsaya.