Thanthwe looneka ngati konkire m'mbali mwa mtsinje

Mlimi wa ku Rumphi:
Ndikupempha thandizo kwa odziwa za miyala. Kumunsi kwa munda wathu, m'mbali mwa mtsinje, kuli thanthwe looneka ngati konkire, pakuti nsangalabwi zazikulu ngati mazira a nkhuku zinamatirirana ndi mchenga wofiirira. Nditamenya ndi nyundo, nsangalabwi imodzi inasweka pakati koma sinachoke pamalo pake. Kumeneko sikunamangidwepo nyumba kapena mlatho. Kodi thanthweli linapangika bwanji?

Mphunzitsi wa jogalafe:
Bambo, thanthwe lotere akatswiri amalitcha conglomerate, ndipo dzinali amalipereka ngati zidutswa zake zapitirira mamilimita 2 kukula kwake. Kalekale mtsinje wamphamvu unkakokolola miyala kuchokera kumapiri, ndipo miyalayo pogubuduzika ndi kugundana ulendo wonsewo inatha nsonga n'kusalala. Madzi atachepa mphamvu, nsangalabwizo zinatsalira pansi, mchenga n'kudzaza mipata yake. Kenako pamwamba panaunjikana mchenga ndi matope ena kwa zaka zosawerengeka, ndipo madzi oyenda pansi pa nthaka ankasiya silika, laimu kapena chitsulo m'timipata totsala, zimene zinagwira zonse pamodzi monga achitira simenti. Kufiirako n'kutheka kuti ndi dzimbiri la chitsulo. Sindikudabwa kuti mwalipeza kwanuko, chifukwa ku Rumphi ndi ku Karonga kuli miyala ya gulu lotchedwa Karoo, imene inapangika mwa kuunjikana kotereku, momwenso mumachokera malasha a ku mgodi wa Mchenga.

Wophunzira za migodi:
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiwonjezere kuti muonetsetse m'mbali mwa zidutswazo. Zikakhala zakuthwa ngati miyala yophwanyidwa kukwale, dzina lake ndi breccia, ndipo zimenezi zimasonyeza kuti sizinayende mtunda wautali, mwina zinangogumuka paphiri n'kuunjikana m'tsinde mwake. Kwa ine, kusalala kapena kuthwa kwa chidutswa ndi umboni wa mmene thanthwe linapangikira wodalirika kuposa kufiira kapena kuyera kwake.

Mdzukulu wa mtchona:
Agogo anga anapita ku Joni pa Wenela, ndipo thanthwe limene ankaboola pansi pa mgodi linali la mtundu womwewu. Golide wa ku Witwatersrand, amene anapezeka mu 1886 n'kuchititsa kuti mzinda wa Johannesburg ukhazikitsidwe, amakhala timibulu tosaoneka bwino ndi maso m'mipata ya pakati pa nsangalabwi zoyera. Komabe, bambo, musafulumire kukumba, chifukwa matanthwe ambiri otere alibe golide n'komwe.

Mlimi wa ku Rumphi:
Zikomo nonse. Ndapitanso kukaona m'mawa uno, ndipo nsangalabwi zonse ndi zosalala, palibe yakuthwa ngakhale imodzi.