Kodi kalasi yonse ingawerengere limodzi bwanji mabuku akakhala ochepa?

Mphunzitsi wa Sitandade 3:
Aphunzitsi anzanga, ndili ndi ana ambiri koma mabuku a m'laibulale ndi ochepa. Kodi ndingakonze bwanji nthawi yowerengera limodzi kuti mwana aliyense apindule?

Woyang'anira laibulale:
Aphunzitsi, buku limodzi la zilembo zikuluzikulu likhoza kukwanira kalasi yonse. Poyamba aonetseni chikuto, ndipo muwafunse zimene akuganiza kuti zichitika m'nkhaniyo. Powerenga muziloza mawu ndi chala, ndipo mukafika pa mawu obwerezedwabwerezedwa muzikhala chete kuti ana anene okha, chifukwa apa ndi pamene ngakhale mwana wamanyazi amatsegula pakamwa. Mawa lake muwerengenso buku lomwelo, popeza ana satopa ndi nkhani imene aikonda.

Kholo:
Pempho langa ndi lakuti mwana wowerenga modukizadukiza asamasekedwe. Mukhazikeni pamodzi ndi mnzake wodziwa bwino kuti azilandizana mizere.

Mphunzitsi wamkulu:
Ndikugwirizana nazo. Konzaninso chikondwerero cha m'kalasi pa 23 Epulo, tsiku la mabuku padziko lonse limene bungwe la UNESCO linakhazikitsa mu 1995. Ana achite sewero la nkhani yomwe awerenga, apachike zojambula zawo pakhoma, ndipo makolo aitanidwe kudzamvetsera.