Ndilipire sukulu ya pa intaneti ya ulangizi wa kadyedwe, kapena ndingotaya ndalama?

NaPhiri wa ku Mufakose:

Moni nonse abale ndi alongo. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru za anthu ambiri, makamaka inu amene mumadziwa za chipatala kuno ku Harare.

Ndinabadwira ku Mufakose, agogo anga anachokera ku Dedza. Ndimaphika pa sukulu ina ya mkaka, ndipo Loweruka ndimaphikira maukwati ndi misonkhano ya mpingo. Sukulu ndinalekezera O Level. Food and Nutrition ndinakhoza bwino, Maths ndiye inandikanika.

Mu Chigwirizano chathu mwezi sutha osamva mayi wina akuti "andipeza ndi shuga" kapena "BP yakwera". Kukiliniki amawauza kuti achepetse nsima, asiye shuga, adye masamba ambiri, koma akafika pakhomo palibe wowaonetsa kaphikidwe kake. Ndiye amabwera kwa ine poti ndine wophika. Ndawaphunzitsa kuphika nsima ya mapira yosachita mibulu, kutendera nkhwani m'malo mokazinga ndi mafuta ambiri, kufutsa masamba a khobwe nthawi ya dzinja kuti adzadye m'chilimwe. Ntchito imeneyi imandikoma kuposa kuphikira ukwati uliwonse, ndipo ndikufuna ikhale yondidyetsa.

Pa Facebook ndikuona masukulu a pa intaneti ophunzitsa holistic nutrition ndi health coaching, ena a ku America, ena a ku South Africa. Mwezi wamawa ndikulandira chipereganyu, $600. Kodi satifiketi yotereyi kuno ikalemekezedwa? Nanga anthu athuwa angalipire munthu chifukwa chowauza zoti adye? Palinso mayi wina amene akundikoka kuti ndizigulitsa naye tiyi ndi ufa wosungunula wochepetsa thupi, akuti ma coach onse amadyera pomwepo. Mtima wanga sukukhazikika nazo. Ndithandizeni.

Gogo NaBanda, Highfield:

Mwana wanga, ndagwira unamwino mpaka kupuma, ndiye undilole ndilankhule mosabisa.

Kuno mayina a dietitian ndi nutritionist, akatswiri a za kadyedwe, ali ndi mwini wake. Amene amagwira ntchito zimenezi amalembetsa ku Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe, bungwe limene lili pansi pa lamulo la Health Professions Act, ndipo amakhala atachita maphunziro aatali m'masukulu ngati University of Zimbabwe kapena Midlands State University ku Gweru. Pepala la miyezi ingapo la pa intaneti silikupatsa mayina amenewo, ndipo usadzalembe pa chikwangwani kapena pa WhatsApp kuti ndiwe nutritionist. Usanatulutse ngakhale dola imodzi, tenga dzina la sukuluyo upite nalo ku ofesi ya Council ukafunse. Ndalama ya kombi yokha ikupulumutsa zambiri.

Koma chimene chandidzutsa kuti ndilembe si mapepala ayi. Ndi amayi a shugawo. Munthu amene akumwa mapilitsi a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin, ukangomuuza kuti asiye nsima lero lomwe iye nakumvera, mankhwala aja amapitiriza kutsitsa shuga m'magazi ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Shuga akatsika kufika pansi pa 4 pa makina oyezera, munthu amatuluka thukuta lozizira, manja amanjenjemera, amayankhula zosokonekera, mwina kukomoka kumene. Pamenepo chomupulumutsa ndi shuga yemwe uja tikumuletsa, supuni zingapo m'madzi, ngati akadali maso ndipo akutha kumeza. Ndiye kusintha kadyedwe ka munthu wotero kuyende limodzi ndi namwino kapena dokotala amene amamulembera mankhwala, kuti akaona shuga akutsika achepetse mlingo.

Pali enanso amene chakudya chabwino kwa ife n'choopsa kwa iwo. Wa impso zofooka, nthochi, mapeyala ndi mbatata ya kachewere zili ndi potassium wambiri amene thupi lake silitha kutaya. Womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, akachulukitsa mwadzidzidzi masamba obiriwira, mankhwalawo amachepa mphamvu. Womwa ma ARV asamwe chitsamba chilichonse asanafunse kukiliniki. Funso lako loyamba kwa munthu aliyense likhale lakuti "mukumwa mankhwala anji, ndionetseni khadi lanu".

Ndinasamalirapo bambo wina wa zaka za m'ma 50, woyendetsa malole. Wogulitsa tiyi wina anamuuza kuti magazi ake ayera, mapilitsi a BP asiye. Anabwera naye pa machira mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mkazi wake atanyamula botolo la tiyiyo m'kachikwama kuti atifunse ngati apitirize kumumwetsa. BP siimva kuwawa, ndiye munthu amaganiza kuti wachira.

Usandimve ngati ndikukuletsa. Ife kukiliniki tinalibe nthawi. Mzere umakhala wautali, umangonena kuti "chepetsani mchere" n'kuitana wina. Munthu wolowa m'khitchini ya wodwala, kuona mphika wake, kuona ndalama imene ali nayo, n'kumuonetsa chophika Lachiwiri madzulo, ameneyo tinkamusowa kwambiri. Malo ako ndi amenewo, ndipo ndi aakulu.

Achimwene Chisale, Dzivarasekwa:

Achemwali, Agogo anena za lamulo, ine ndinene za m'thumba poti ndi ntchito imene ndikudyera. Ndimaphunzitsa masewero olimbitsa thupi ku jimu ina kumpoto kwa tauni, ndipo kosi ya pa intaneti yonga mukunenayo ndinachita.

Chimene ndinapindula nacho kwambiri ndi kafunsidwe. Anatiphunzitsa kuleka kulalikira, kumufunsa munthu chimene iye akufuna kusintha, kugwirizana naye chinthu chimodzi chaching'ono pa sabata, n'kumuyendera kuti zatheka bwanji. Mbali ya zakudya inali ya kwawo komweko: quinoa, mkaka wa almond, nsomba ya salmon. Ndinachita kukhala pansi ndi kope n'kuyamba kusintha chimodzichimodzi, apa nzama, apa chiponde, apa kapenta wa ku Kariba, apa malambe. Inu mbali imeneyo mukuidziwa kale kuposa aphunzitsiwo.

Za kulipira, musadzinamize. Amayi a mpingo amakukondani koma anazolowera kuti nzeru zanu n'zaulere, ndipo ambiri ndalama ya mapilitsi a shuga a metformin yomwe imawavuta. Kwa ine olipira bwino ndi a mitundu iwiri. Oyamba ndi anthu a m'maofesi a ku Avondale, Mount Pleasant ndi Borrowdale, ofuna kuchepetsa thupi. Achiwiri, amene sindinawayembekezere, ndi ana amene ali ku UK kapena ku Johannesburg, makolo awo ali kuno ndi shuga. Mwana wotere amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi koma sadziwa chimene mayi ake akudya. Akapeza munthu wokhulupirika wokagula zinthu ku Mbare Musika, kuphunzitsa wantchito wa pakhomopo kuphika, kuwakumbutsa mayiwo tsiku la kukiliniki, n'kumutumizira zithunzi za mbale pa WhatsApp, amalipira mosanyinyirika. Inu ndinu wophika, msika umenewu ndi wanu kuposa ine.

M'makomboni mwathu muno njira ndi gulu. Amayi khumi asonkhe kadola kadola pa EcoCash, mugule zophika, muphike pamodzi, aliyense alawe. Sizilemeretsa, koma dzina lanu limamveka. Ntchito ya kusukulu ya mkaka musaisiye msanga.

Za tiyi ndi ufa uja, thawani. Amakugulitsani katundu woyamba ndi ndalama yanu, ndipo phindu lenileni limabwera mukakoka ena kuti nawonso agule katundu. Mudzayamba kuona mayi aliyense wa mu Chigwirizano ngati kasitomala, iwonso adzaleka kukukhulupirirani. Dziwaninso kuti kuyambira 2015 mankhwala azitsamba ndi othandizira thupi ogulitsidwa m'mabotolo ali ndi malamulo ake ku Medicines Control Authority of Zimbabwe. Mufunseni mayiyo akuonetseni kuti katundu wakeyo anavomerezedwa kumeneko.

Tadala, wophunzira za kadyedwe ku University of Zimbabwe:

Azakhali, ndikuthokoza kuti mwafunsa poyera. Ine ndili ndi pang'ono poti nditsutse, ndipo mundikhululukire poti ndine mwana.

Mawu akuti zakudya za makolo zimachiritsa afala kwambiri, makamaka kuchokera mu 2023 pamene United Nations inati ndi chaka cha mapira ndi mawere. Mbewu zimenezi n'zabwino ndithu, zimapirira chilala, mawere ali ndi calcium wambiri, ndipo ufa wosakonola uli ndi gaga amene amathandiza m'mimba. Koma nsima ya mapira ndi nsimabe. Munthu wa shuga akadya mitanda itatu ikuluikulu, shuga akwera basi. Nkhani yagona pa kukula kwa mtanda ndi zimene zili pambali pake. Muwaonetse pa mbale yeniyeni: theka masamba, mbali imodzi nyemba, mazira kapena nsomba, mbali yotsalayo nsima yonga chibakera chawo. Thobwa nalonso anthu amaliyesa lopanda vuto poti ndi lakwathu, chonsecho lili ndi ufa, chimera ndi shuga wothira pamwamba.

Mchere ndiye umabisala. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kosadzaza bwino. Mayi atha kulumbira kuti sathira mchere wambiri, koma mu ndiwo muli tizibulu tokometsera tiwiri, supu wa m'paketi, kapenta wosaviika, m'mawa buledi ndi poloni. Kapenta aviikidwe m'madzi ofunda n'kutaya madziwo. Soda wothira mu therere ndi m'masamba amafewetsa msanga, koma amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndipo nayenso ali ndi sodium.

Chinanso, musanyoze zonse za m'sitolo. Kuyambira mu July 2017 boma linalamula kuti ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta ophikira opangidwa m'mafakitale aziwonjezeredwa mavitamini ndi michere ina, ndipo mchere wathu uli ndi iodine woteteza chithokomiro. Ndakumanapo ndi amayi amene anasiya mchere wa m'paketi n'kumagula wapinki wodula poti wina anawauza kuti ndi wachilengedwe. Pa zakumwa zotsekemera ndiye tonse tikugwirizana, n'chifukwa chake mu 2024 boma linaziikira msonkho wa shuga.

Ndalama yanuyo ndikanakhala ine ndikanaigawa. FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ili ndi maphunziro aulere a pa intaneti okhudza kadyedwe, mungofunika data. Yambani ndi amenewo muone ngati kuphunzira pa foni kukukuyanjani. Ina mulipire aphunzitsi a Maths mulembenso mayeso a ZIMSEC, amakhalapo mu June ndi mu November. Popanda Maths makomo ambiri a makoleji amakhala otseka, ndipo zaka zanu sizinathe ayi, m'kalasi mwathu muli amayi a ana atatu.

Abambo Mbewe, Mabvuku:

Mayi Phiri, ine sindine wophunzira, koma mayi a kunyumba kwanga ali ndi shuga, ndiye ndikuuzeni chimene chimavuta pakhomo. Mphika ndi umodzi. Magetsi akathima tikuphika pa gasi kapena pa nkhuni, palibe amene angaphike nsima ziwiri, ya odwala ndi ya ena. Anyamata anga ankati nsima yakuda sitidya, inenso poyamba ndinali mbali yawo. Mayiwo ankangodya yoyera yomweyo kuopa kuvutitsa anthu, n'kumabwera kukiliniki manambala atakwera.

Zinasintha mlamu wanga atabwera kuchokera ku Chegutu n'kuyamba kusakaniza, makapu atatu a mgaiwa, imodzi ya mapira, osauza munthu. Patapita nthawi anafika theka ndi theka. Lero tonse tikudya yomweyo, ndipo mayiwo ali ndi kambale kawo kakang'ono koyezera. Mukamaphunzitsa amayiwo muziitananso amuna awo ndi ana aakulu, chifukwa wogula ufa pakhomo nthawi zambiri ndi bambo. Mukadzafika ku Mabvuku kuno ine ndilipira, ndibweretsanso anzanga a sosaiti ya maliro. Pa misonkhano yathu timadya buledi woyera ndi zakumwa za m'mabotolo, chonsecho ambiri mwa ife tili pa mapilitsi.

NaPhiri wa ku Mufakose:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Agogo, nkhani ya insulin ija yandiopsa, chifukwa pali mayi mmodzi mu gulu lathu amene amabaya ndipo akhala akudumpha chakudya cha masana kuti achepe thupi. Ndamuimbira, mawa ndimuperekeza kukiliniki ndi khadi lake. Ndikapezanso mpata wolankhula ndi sisita wa kumeneko, ndimufunse ngati angalole kuti tsiku la odwala shuga ndizibwera ndi mbale yanga kudzaonetsa anthu ali pa mzere.

Mayi wa tiyi uja ndamuyankha kuti ayi. Kosi yolipira ndaiimika kaye mpaka nditakafunsa ku Council. Tadala mwanangu, Maths ndikuiopa koma ndilembetsa ya November, ndipo unditumizire dzina lenileni la maphunziro a FAO amene ndiyambire. Abambo Mbewe, nzeru ya alamu anu ndaitenga, Loweruka likubwerali ndiyesa pa nsima ya kumpingo, makapu atatu ndi imodzi.

Achimwene Chisale, ndatsala ndi funso kwa inu. Ana a kunjawo mumagwirizana nawo bwanji mtengo, pa mwezi kapena pa ulendo uliwonse? Ndipo ndalama yogulira zinthu ku Mbare mumailekanitsa bwanji ndi malipiro anu kuti pasadzakhale kukayikirana? Pali banja lina ku Kambuzuma, mwana wawo ali ku Leeds, anandifunsapo kale zoterezi ine n'kusowa choyankha.