Wi-Fi ya pa hostel imafooka madzulo, kodi ndigule ma access point ena?

Wamawaya:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira Wi-Fi pa hostel ina ya ophunzira, nyumba yosanjikiza ya makoma a njerwa, ma access point (zida zofalitsa Wi-Fi) asanu ndi imodzi. Masana imathamanga bwinobwino, koma ikangokwana 7 koloko madzulo, aliyense atalowa m'chipinda, ngakhale chithunzi cha pa WhatsApp chimangozungulira. Chodabwitsa n'chakuti pa foni netiweki imaoneka yodzaza. Ndikalumikiza laputopu ndi waya, intaneti ili bwino ndithu. Eni nyumba akuti tigule ena awiri. Nditero?

Mdala_wa_Netiweki:
Musagule kaye achimwene. Ikani pa foni pulogalamu yoonetsa ma channel (tinjira ta mafunde timene Wi-Fi imadutsamo), muyende nayo m'makondemo. Ndikuganiza kuti ma access point ambiri aunjikana pa channel imodzi. Wi-Fi ili ngati pabwalo la mfumu: wina akamalankhula, onse amene akumumva amayamba adikira. Mukawonjezera zida pa channel yomweyo, mwangochulutsa odikira. Pa 2.4 GHz, limodzi mwa magulu a mafunde amene Wi-Fi imagwiritsa ntchito, ma channel osagundana ndi atatu basi, 1, 6 ndi 11, ndipo kukula kwa channel mukusiye pa 20 MHz, osati 40. Ma access point oyandikana asafanane channel, poganiziranso amene ali m'chipinda cham'mwamba. Mphamvu imene ma access point amaulutsira nayo itsitseni. Anthu amakonda kuikweza mpaka kumapeto, koma zikatero ma access point amamvana okhaokha n'kumadikirana, pomwe kafoni kali kutali sikatha kuyankha ndi mphamvu yofananayo.

Nachisale265:
Mdala anena zoona. Ine ndifunse: maina a Wi-Fi mwaika angati? Dzina lililonse limadzilengeza pafupifupi kakhumi pa sekondi, pa liwiro lotsikitsitsa, ndiye limadya nthawi ngakhale palibe amene walumikizapo. Zimitsaninso liwiro lakale la 802.11b, lija la 1, 2, 5.5 ndi 11 Mbps, liwiro lotsikitsitsa likhale 12. Foni imodzi yokwawa pa 1 Mbps imachedwetsa anzake onse.

Wamawaya:
Maina alipo anayi, a ophunzira, alendo, ofesi ndi lina limene sindikumbukanso kuti linali la chiyani. Ndayenda ndi foni, ma access point anayi ali pa channel 6. Nanga 5 GHz, gulu lina lija la mafunde? Ndinaizimitsa poti kuzipinda za kumapeto sinkafika.

Mdala_wa_Netiweki:
Iyatseni lero lomwe. Kusafika patali kumeneko ndiye kokoma pamalo pothinana, chifukwa khoma limathandiza kuti ma access point asasokonezane, ndipo ma channel kumeneko ndi ambiri. Mafoni amene angathe asamukire komweko, 2.4 itsalire akalewo. Ndalama ikadzapezeka, m'malo mowonjezera, sinthani ndi a Wi-Fi 6, mtundu wa Wi-Fi watsopanoko. Ali ndi OFDMA, imene imagawa channel kuti mafoni angapo atumikiridwe nthawi imodzi, koma phindu lake limaoneka ngati mafoniwo nawonso ndi a Wi-Fi 6.

Nachisale265:
Musasinthe zonse tsiku limodzi. Yambani ndi ma channel, muyeze 8 koloko madzulo, kenako mutiuze.